Wapulumutsidwa, Nanga Timpatse Ntchito Yanji?

Mwezi wathawu ndinakumana pamsika ndi mnyamata amene ndinamphunzitsa mu Sitandade 7 zaka 12 zapitazo. Anandilonjera mwaulemu ndi manja awiri, nandiuza kuti masiku ano akuweta kagulu ka anthu amene amapemphera m'chipinda cha sukulu ina kutauni. Ndinamthokoza pakamwa, koma m'kati mtima unanditsutsa, pakuti ndinakumbukira tsiku limene mwana ameneyu anaima pamaso pa ife akulu a mpingo.

Iye anabatizidwa ali wakhanda, analowa kalasi, nalandiridwa ku Mgonero monga anzake onse. Pambuyo pake anagwa m'kachasu, ndipo tinamuimika. Tsiku lina, atabwera ku msonkhano wa chitsitsimutso, anafika kwathu madzulo nati, "Aphunzitsi, Yesu wandipulumutsa. Ndipatseni ntchito m'nyumba ya Mulungu." Nkhaniyo ndinapita nayo ku bwalo, ndipo tonse tinagwirizana kumuyankha kuti ayambe wadikira, tione zipatso. Yankho limenelo silinali loipa. Choipa n'chakuti pomuuza kudikira sitinampatse kanthu kakuti agwire, ngakhale kuimba belu kapena kukonza mabenchi. Anakhala pa benchi yakumbuyo chaka chathunthu, kenaka sitinamuonenso. Ine amene ndinamdziwa kuposa onse ndinangokhala chete.

Owerenga okondedwa, tisasokoneze zinthu ziwiri. Chipulumutso si malipiro a ntchito. Munthu amachilandira mwa chisomo, pokhulupirira Khristu amene anamfera, ndipo palibe bwalo la akulu limene lingachionjezere kapena kuchichotsera. Koma mtumwi Paulo, atangotsiriza kuphunzitsa zimenezi pa Aefeso mutu 2, nthawi yomweyo akuti wopulumutsidwayo analengedwa mwatsopano kuti agwire ntchito zabwino zimene Mulungu anamkonzeratu. Chikhulupiriro chimabadwa, ndipo chobadwa chiyenera kukula. Ife aphunzitsi timadziwa kuti mwana saphunzira kulemba poyang'ana bolodi. Timampatsa pensulo dzanja likali kunjenjemera, ndipo zilembo zake zoyamba zimaoneka ngati mapazi a nkhuku. Mphunzitsi amene anganene kuti pensulo adzapereka mwanayo akadziwa kulemba, tingamtche wamisala. Komatu ndi mmene timachitira kawirikawiri mu mpingo.

Mbiri ya mpingo m'dziko muno ili ndi phunziro pa nkhaniyi. Amishoni a Livingstonia anafika ku Cape Maclear mu Okotobala 1875. Anagwira ntchito zaka zoposa zisanu, naika m'manda anzawo angapo, osabatiza munthu ndi mmodzi yemwe. Woyamba anali Albert Namalambe, amene Dr Robert Laws anambatiza pa 27 Marichi 1881. Chaka chomwecho mishoni inasamukira ku Bandawe pothawa malungo. Nanga sukulu ndi mapemphero a ku Cape Maclear anasiyira yani? Anasiyira Namalambe yemweyo, Mkhristu wosakwana ndi chaka chomwe chibatizidwire. Mwina wina adzati anatero chifukwa panalibe munthu wina, ndipo sindikana. Koma taonani chimene kusowa kumeneko kunabala: munthuyo anakula pansi pa katundu amene anamsenzetsa, nakhala mlaliki wodalirika kwa zaka zambiri, mpaka kugwira ntchito pamodzi ndi amishoni ochokera ku South Africa amene anayamba ku Mvera mu 1889.

Tsono muike pambali pake Charles Domingo. Iyeyu anafika ku mishoni yomweyo ali kamwana kuchokera ku Quelimane, nakulira m'nyumba ya Dr Laws. Anali wanzeru kwambiri. Anatsiriza maphunziro a zaubusa, naloledwa kulalikira. Koma kudzozedwa kunangokhala mawa, mawa. Zaka zinapita, ndipo potsiriza anachoka, nakatumikira kunja kwa mpingo umene unamlera. Zifukwa zinalipo zingapo, koma kudikira kosatha kunali chimodzi mwa izo. Abusa oyamba achikuda a Livingstonia anadzozedwa mu 1914, Domingo atapita kale. Ku Blantyre oyamba anali Harry Kambwiri Matecheta ndi Stephen Kundecha mu 1911, ndipo ku Nkhoma anali Andreya Namkumba mu 1925. Sindikulemba izi kuti ndiweruze akufa, amene anapirira zimene ine sindikadapirira. Ndikulemba chifukwa mantha amene anali nawo pa makolo athu, ife tili nawo lero pa ana athu.

Mantha amenewa ali ndi maziko, ndivomereze. Paulo anachenjeza Timoteo kuti asaike wotembenuka mtima chatsopano pa udindo wa kuyang'anira mpingo, kuopa kuti angadzitukumule. Ndawaona ndi maso anga anyamata amene atapulumutsidwa Lachisanu, pofika Lamulungu anali atayamba kale kuwerenga akulu a mpingo amene sadzalowa kumwamba, ndipo dzina langa silinasowe pa mndandanda wawo. Wotere kumkweza pa guwa ndiko kumupha. Koma pakati pa guwa ndi benchi yakumbuyo pali munda waukulu wosalimidwa: ana a Sande Sukulu osowa wowaphunzitsa, nkhalamba zimene maso anachita khungu ndipo zikufuna woziwerengera Mawu, odwala, maliro, nyumba za mapemphero zakutali kumene mkulu mmodzi amatha mapazi yekha. M'menemo ndimo munthu amaphunzira kuti ngakhale changu chili chabwino, sichikwanira pachokha. M'menemonso ndimo ife timaonera zipatso zimene timati tikudikira. Mtengo ungabale bwanji usanaokedwe?

Ndipo akalakwa? Adzalakwa ndithu. Yohane Marko anathawa ulendo wa utumiki ku Pamfuliya, ndipo Paulo anakana kumtenganso, kotero kuti anasiyana ndi Barnaba pa nkhaniyo. Barnaba anamtenga napita naye ku Kupro. Patapita zaka, Paulo yemweyo ali m'ndende analembera Timoteo kuti abwere naye Marko, popeza anali wothandiza pa utumiki. Mipingo yathu ili ndi a Paulo ambiri odziwa kuyesa munthu pa sikelo. A Barnaba ndiwo achepa.

Chikumanirane ndi mnyamata uja, ndayamba kutenga mnyamata wina poyendera dera langa. Iyenso anabwezedwa mu mpingo posachedwapa. Abusa anavomera, ngakhale mkulu mnzanga mmodzi anapukusa mutu. Poyamba iye ankangowerenga, ine n'kupemphera. Lamulungu lapitali tinalowa m'nyumba ya agogo ena amene akhala gone kuyambira nthawi yokolola, ndipo ndinamuuza kuti lero apemphere ndi iye. Anachita chibwibwi, anaiwala dzina la wodwalayo, nabwereza mawu amodzimodzi katatu, thukuta lili kamukamu. Atatha, agogowo anamgwira dzanja nati, "Mdzukulu wanga, ubwerenso Lachinayi, ubwere ndi buku lako lija." Panjira anandifunsa ngati nanenso ndidzapita. Ndinamuuza kuti Lachinayi ndili ndi mayeso a ana oti ndichonge.