Malangizo Osamveka Amasocheretsa Munthu ndi Makina Omwe

Mlimi wa ndiwo zamasamba wa m'mphepete mwa mzinda wa Bulawayo akagula botolo la mankhwala ophera tizilombo, amayamba wayang'ana kachizindikiro ka makona atatu kamene kali pa pepala lake. Ku Zimbabwe mtundu wa kachizindikiroko umanena ukali wa mankhwalawo. Kobiriwira kamasonyeza mankhwala ochepa ukali, pamene kapepo kamachenjeza za poizoni woopsa kwambiri. Pepalalo likakhala lofufutika kapena losalongosoka, mlimi amathira mlingo wongoganizira, ndipo amene amavutika ndi mbewu, nthaka ndi ana akudya ndiwozo.

Vuto lomweli lafika pa makompyuta. Masiku ano kuli mapulogalamu a nzeru zopangidwa, otchedwa AI, amene amatumidwa ntchito monga momwe munthu amatumira mthenga. Ena mwa iwo amatha kutsegula tsamba la pa intaneti, kudzaza mafomu ndi kufufuza chimene chikulepheretsa tsambalo kugwira ntchito. Mu November 2024 kampani ya Anthropic inatulutsa njira yotchedwa Model Context Protocol, yolumikizira mapulogalamu otere ndi zida zina. Mu September 2025 kampani ya Google inatulutsa chida cholola AI kugwiritsa ntchito DevTools, zida zofufuzira zolakwika zimene zili mu Chrome.

Chofunika kudziwa n'chakuti pulogalamu ya AI imasankha chida powerenga mawu amene eni ake analemba. Chida chilichonse chimakhala ndi dzina, kufotokoza kwa ntchito yake, ndi mndandanda wa zimene chiyenera kupatsidwa. Mawuwo akakhala operewera, pulogalamuyo imachita zongoganizira monga mlimi uja, koma imatero mofulumira ndiponso mopanda kukayika. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Nkhaniyi ikukhudza alangizi a m'midzi ndi a m'makomboni monga Makokoba ndi Mzilikazi, kumene kuli mabanja ambiri amene makolo awo anachokera ku Malawi ndi ku Zambia kudzagwira ntchito m'mafakitale ndi pa njanji. Mabungwe ambiri a chitukuko tsopano amalemba mayina a alimi, manambala a ziphaso ndi a foni pa masamba a pa intaneti. Tsamba lotere likavuta, wolikonza angathe kutuma AI. Malangizo a chida cha Google chija amachenjeza poyera kuti pulogalamu yolumikizidwa nacho imatha kuona ndi kusintha zimene zili pa tsamba lotsegulidwa. Chenjezo limeneli n'lofanana ndi kachizindikiro ka pa botolo, ndipo wokonza amene sanaliwerenge angathe kuika zinsinsi za anthu pambalambanda. Lamulo la Cyber and Data Protection Act la mu 2021 limapereka udindo woteteza zinsinsi zotere kwa bungwe limene lazisonkhanitsa.

Mlangizi safunika digiri ya ku National University of Science and Technology kuti ayese malangizo. Mafunso ake ndi omwe aja amene amafunsa pa thumba la mbewu. Kodi malangizowo akunena momveka ntchito ya chidacho ndi malire ake? Kodi akupereka chitsanzo chimene munthu angayese n'kuona zotsatira zake? Kodi akufotokoza zoyenera kuchita zinthu zikalakwika? Kodi ali ndi tsiku losonyeza kuti anakonzedwa liti, popeza zida zimenezi zimasintha kawirikawiri? Nanga akuchenjeza za ngozi? Wobweretsa chida akalephera kuyankha mafunsowa, komiti ili ndi chifukwa chokwanira chodikira kaye.

Palinso nkhani ya chilankhulo. Malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe a mu 2013 amavomereza zilankhulo 16, ndipo Chichewa ndi Chindebele zili m'gulu lomweli. Komabe malangizo ambiri a zida za pa kompyuta amalembedwa m'Chingerezi cha akatswiri. Bungwe limene likufuna kuti anthu alikhulupirire liyenera kuwafotokozera m'chilankhulo chawo zimene makina adzachite ndi mayina awo, ndi amene adzayankhe mlandu zinthu zikapita padera.

Choncho komiti ya m'dera ikalandira chida chatsopano, iyambe yapempha malangizo ake, iwawerenge pamsonkhano, ndipo iyese chidacho ndi mayina ongopeka isanalowetsemo dzina la mlimi weniweni.