PHUNZIRO LA CHANGALUME

Kumadzulo kwa mzinda wa Zomba kuli phiri la Changalume, limene miyala yace inamanga mbali yaikulu ya dziko lino. Kampani ya Portland Cement inayamba nchito yace ku Blantyre m'caka ca 1956, ndipo pofika kuciyambi kwa zaka za m'ma 1960 inali kukumba miyala ya laimu ku Changalume ndi kuiocha komweko. Njanji inafika pamalopo, ndipo sitima zinali kunyamula katundu kunka naye ku Blantyre kumene anali kupera simenti. Masukulu, zipatala ndi milatho yambiri ya m'zaka zoyamba za ufulu inaima ndi simenti imeneyo.

Mwala wa laimu pa wokha si simenti ai. Auphwanya, nausakaniza ndi dongo, nauocha m'ng'anjo pa moto wa madigiri 1,450 kufikira usanduka timibulu tolimba tochedwa klinka. Klinkayo ndiye aperedwa pamodzi ndi gypsum pang'ono kuti akhale simenti. Cotero cuma ceniceni ca nchitoyi ciri pa ng'anjo.

M'caka ca 2002 ng'anjo ya Changalume inazima, mgodi nutsekedwa. Kuyambira pamenepo fakitale ya ku Blantyre inadalira klinka wocokera kunja, monga ku Zambia ndi ku Zimbabwe, wogulidwa ndi ndalama zakunja zimene dziko lizifunanso pogula mankhwala, mafuta ndi feteleza. Anchito anabalalika, ndipo amai ogulitsa ndiwo ndi eni timagolosale anasowa owagula. Dzina la Changalume tsopano lidziwika makamaka cifukwa ca asilikali amene akhala kumeneko.

Koma kukumba laimu sikunathe m'Malawi. Kampani ya Shayona iri ndi mgodi ndi ng'anjo yace ku Kasungu, ndipo ya Cement Products iri ku Njereza m'boma la Mangochi. M'caka ca 2021 kampani ya Huaxin ya ku China inagula fakitale ya ku Blantyre kwa a Lafarge, ndipo m'caka ca 2025 inatsegula fakitale yatsopano ku Balaka, yokhala ndi ng'anjo yace. Potero kampani imene inatseka Changalume yabwereranso kumiyala ya dziko lino. Ici ncokondweretsa, pakuti thumba liri lonse locokera m'mwala wa kuno lipulumutsa ndalama zakunja.

Komabe akulu anati cakudza siciimba ng'oma. Mgodi uli wonse uli ndi tsiku lace lotsiriza, kaya cifukwa mwala wabwino watha, kaya cifukwa eni ace aona kuti phindu lacepa. Nthawi yokonzekera tsikulo ndiyo pamene mgodi uli kutsegulidwa, kampani ikali kufuna cilolezo ca Boma ndi mtima wabwino wa eni nthaka. Ikayamba kulongedza katundu wace, palibenso amene angaiumirize.

Malamulo alipo. Lamulo la migodi la 2023 lifuna kuti kampani ya mgodi waukulu ipangane ndi anthu oizinga za citukuko ca dera lao, ndipo lamulo losamala cilengedwe la 2017 lifuna kuti nchito yotere iyambe yafufuzidwa ngati siidzaononga madzi, nthaka ndi mpweya. Koma lamulo la papepala silikwirira dzenje. Kuli kwa ma D.C., makhonsolo ndi anchito a Boma oona za migodi kutsimikiza kuti mapangano alembedwa momveka: ndani adzakwirira maenje ndi kubzala mitengo, fumbi lidzacepetsedwa bwanji, osamutsidwa m'minda yao alipidwa zotani, ndiponso anchito adzalandira ciani tsiku lotseka. Mapanganowo awerengedwe pabwalo m'cinenero ca anthu, mafumu ali pomwepo.

Aphunzitsi naonso ali ndi gao lao. Ng'anjo ya masiku ano ifuna amisiri a magetsi ndi oyesa miyala, ndipo mwana wothawa masamu ndi sayansi adzangokhala mlonda wa pacipata. Luso ndilo cuma cokha cimene citsala m'mudzi pamene mwala watha.

Dziko lilandire ng'anjo zatsopanozi ndi manja awiri. Koma asanaike dzina lace pa cilolezo ciri conse ca mgodi, wa nchito ya Boma ayambe wapita ku Changalume, akafunse anthu a kumeneko cimene cinawatsalira m'caka ca 2002.