Ba producer, project ija ili kuti?

Funso ili likafunsidwa mu studiyo ya mu komboni, mayankho ake timawadziwa pamtima. Laputopu inapsa tsiku lija malaiti anabwela na mphamvu. Hard drive inadzala, ndiye zakale zinafufutidwa kuti papezeke malo a nyimbo zatsopano. Mnyamata amene anali kusewenza pano anasamukila ku Kopala, fulashi ili m'thumba. Chimene chatsala ni MP3 imodzi imene yayenda pa WhatsApp kuchoka pa foni iyi kupita pa foni iyo, ndipo nyimbo imene tikamba siinakwanitse na chaka chimodzi.

Ife amene timajambula nyimbo mu tumastudiyo twa ku Matero, Chawama, Mtendere, Kanyama na Garden tidziwa kuchita zinthu zovuta. Tidziwa kuimika matilesi pa windo, kutseka mpata wa pansi pa chitseko na bulangeti, na kudikila kuti galu wa aneba na spika ya pa bala zikhale chete kuti woimba ayambe vesi. Mathileyi a mazila amene timamata ku chipupa saletsa phokoso la panja kulowa, amangoonetsa chabe kuti muno ni mu studiyo, koma iyo ni nkhani ya tsiku lina. Mu 2024, chilala chitachepetsa madzi ku Kariba, panafika miyezi imene malaiti anali kupita maola ambili kuposa amene anali kukhalapo, ndipo tinazolowela kugona masana na kusewenza pakati pa usiku, kuthamangitsana na batile ya laputopu. Mix timaiyesa pa mahedifoni, pa kaspika ka foni, mu barbershop, na mu minibasi ya mnzathu. Zonsezi timazitenga ngati nchito. Zimene sitinayambe kuzitenga ngati nchito ni ziwili zosasangalatsa: kusunga mafayilo, na kulemba pansi kuti ndani wachita chiani pa nyimbo. Koma ndalama zenizeni za nyimbo, ngati zidzabwela, zidzadzela pa ziwilizi.

Amene aona monga tilota akumbukile Paul Ngozi. Mu 1977 gulu lake, Ngozi Family, linatulutsa chimbale cha 45,000 Volts. Iye anamwalila mu 1989. Mu October 2024 Tyler, the Creator wa ku America anatulutsa nyimbo ya "Noid", ndipo mkati mwake muli gitala na mawu a Chinyanja ochokela pa chimbale chija. Chimbale cha Tyler, Chromakopia, chinafika pa nambala 1 ku America. Panali patapita zaka 47. Mu 2023 Travis Scott naye anatengako chidutswa cha nyimbo ya Amanaz, gulu la ku Kitwe, pa chimbale chake cha Utopia. Chaka chomwecho gulu la WITCH linatulutsa chimbale chatsopano, Zango, chojambulidwa ku DB Studios muno mu Lusaka, ba Jagari Chanda atabwelela pa siteji pambuyo pa zaka zokumba miyala ya mtengo wapatali.

Nkhani izi timazisimba monyadila, ndipo n'zoyenela. Koma tifunse kuti zinatheka bwanji. Zinatheka chifukwa nyimbo za Zamrock zinali pa chinthu chogwilika. Kampani ya Teal ku Ndola inali kudinda mbale, ndipo mbale ingakhale mu kabati zaka 30 n'kulilabe. Pa chikuto panali maina. N'chifukwa chake lelo tidziwa kuti Chrissy Zebby Tembo ndiye anali kuliza ng'oma mu Ngozi Family. Pamene kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inafuna kutulutsanso nyimbozi, inali na poyambila kufunafuna eni ake, ndipo dzina la Paul Ngozi lili pakati pa olemba "Noid". Akulu athu aja anali na zipangizo zochepa kuposa zimene zili mu laputopu ya mwana wa Grade 12 manje, koma anasiya zambili zopezeka kuposa zimene ife tisiya.

Nyimbo iliyonse ili na zinthu ziwili zimene zimabweletsa ndalama. Choyamba ni chopekacho: mawu, kaimbidwe, na beat imene ili pansi pake. Chachiwili ni chojambulidwacho, chimene timachitcha master. Lamulo lathu la Copyright and Performance Rights Act la 1994 limateteza chopekacho moyo wonse wa wopeka, kuwonjezapo zaka 50 atamwalila. Kwa Paul Ngozi ndiye kuti mpaka 2039. Mnyamata wa zaka 22 amene apanga beat usiku uno ku Chibolya, akakhala na moyo kufika zaka 70, beat yake idzakhala yotetezedwa kupitilila chaka cha 2120. Ndipo chinthu chokhalitsa chonchi tichigulitsa bwanji? Pa mobile money, na uthenga wa mawu awili: "Natuma, boyi."

Palibe amene amafunsa kuti ndalama yatumidwayo ni ya chiani. Ni ya maola a mu studiyo? Ni yobweleka beat? Kapena yagula nyimbo yonse mpaka muyaya? Woimba amachoka akuganiza kuti wagula zonse. Producer amatsala akuganiza kuti wangobweleketsa, ndipo mwezi wamawa, ya lendi ikavuta, beat imodzimodziyo amaimvetsa kwa wina. Onse awili ni osangalala mpaka tsiku limene nyimbo yayamba kulila pa wailesi, kapena kampani ina yaifuna pa malonda ake. Pamenepo aliyense amakumbukila zimene zimukomela, ndipo mlandu umaweluzidwa pa Facebook, kumene wopambana ni amene ali na omutsatila ambili.

Awa awili ndiye ali na pakamwa pokambila. Ganizilani za mtsikana wa mu kwaya ya ku chechi amene anaitanidwa kuti angothandizako pa kolasi. Anafika atachoka ku practice, anamvela vesi kawili, anati kolasi siikwela bwino, naisintha. Anaimba mawu apansi, apakati na apamwamba, kubweleza mpaka producer atakhutila. Mbali imene ana amaimba pobwela ku sukulu ni yake ija. Anapatsidwa ya transport na chakumwa chozizila, anayamika, napita. Malinga na lamulo iye wapekako nyimboyo, koma pa poster palibe, pa YouTube palibe, ndipo pakapita zaka zitatu ngakhale amene anali mu studiyo tsiku lija amangoti "ka sister kaja ka ku Chawama". Chimodzimodzi wa gitala wa mu praise team amene anabwela na kamzele kamene kananyamula nyimbo yonse. Nthawi zambili palibe amene anakhala pansi kukonza zowabela. Kungoti tsiku limenelo panalibe cholembela, ndipo aliyense anali kuyangana koloko, kuopa kuti malaiti angapite mix isanathe.

Ma producer tili nako kanjila kathu kodzitetezela, tag ija imene imatchula dzina lathu nyimbo ikangoyamba. Pa msewu imasewenza, ndipo makasitomala ambili amabwela chifukwa cha iyo. Koma kompyuta imene imagawa ndalama siimva tag. Spotify, imene inafika mu Zambia mu 2021, pamodzi na Boomplay na YouTube, zimalipila kudzela mwa amene anaika nyimbo, ndipo zimawelenga maina amene iye analemba na nambala ya ISRC ya chojambulidwacho. ZAMCOPS, bungwe limene limatolela ndalama ku mawailesi na malo ena olizilako nyimbo, nalonso limagawa potengela zimene zinalembetsedwa. Tingakambilane tsiku lonse ngati zimene oimba amalandila kumeneko n'zokwanila. Koma amene dzina lake silinalembedwe alibe na chodandaulila.

Tidziwa chimene chimachitika munthu akatulutsa pepala mu studiyo. Nkhope zimasintha. "Sunikhulupilila, boyi?" Mu komboni pepala limanunkhila polisi, khoti na ba landlord, ndipo amene wabwela kudzaimba ni mnzako wa pa ubwana. Koma amai a pa kantemba amalemba nkhongole ya kapaketi ka shuga m'buku, ngakhale wotenga ni mwana wa mng'ono wawo, ndipo palibe amene amakwiya, chifukwa bukulo ni la aliyense. Studiyo nayo ingakhale na buku lake la hard cover pafupi na maiki. Tsamba limodzi pa nyimbo imodzi: deti, mutu wa nyimbo, maina monga alili pa NRC pamodzi na a pa siteji, chimene aliyense wachita, gawo la aliyense pa 100, na ma signature. Aliyense ajambule tsambalo na foni yake. Kumaiko ena ambili amagawa pakati, theka kwa opanga beat, theka kwa olemba mawu na kaimbidwe, koma mungapangane zina. Chofunika n'chakuti mupangane nyimbo ikali kamwana, pamene gawo la aliyense ni gawo la zilo kwacha ndipo palibe chokanganilana.

Pali chotsutsa china champhamvu kuposa ichi, ndipo sitingachikane. Nyimbo zambili zimene timajambula sizipita kulikonse. Zimalila pa mafoni a abale na anzake a woimba kwa milungu iwili, basi. Producer amene afunika ma units a malaiti lelo sangadye 50 pelesenti ya nyimbo imene siidzagulidwa, ndipo akagulitsa beat yonse pa ndalama ya m'manja sanachite zopusa. Sitikamba kuti akane. Tikamba kuti alembe kuti wagulitsa, ndipo mtengo wogulitsilatu ukhale wosiyana na wobweleketsa, kuti woimba asankhe akudziwa chimene agula. Komanso palibe amene amadziwa pa tsiku lojambula kuti ni iti idzakhalitsa. Amanaz inatulutsa chimbale chimodzi chabe, Africa, mu 1975, gulu n'kupasuka.

Manje za mafayilo. Apa pali chinthu chimene oimba ambili sadziwa ndipo ma producer ena amachiiwala: fayilo ya project ya FL Studio kapena Cubase si nyimbo. Ni mapu chabe olozela kumene mawu, ma sample na ma plugin zili mu kompyuta imeneyo. Ukaikopela yokha pa fulashi n'kuitsegula kwina, imakuuza kuti zinthu zasowa. Ndipo popeza ma plugin ambili mu komboni ni aja otengedwa mwa njila zathu zija, palibe chitsimikizo kuti pakapita zaka zisanu adzatsegukanso. Chimene chimakhalitsa ni mawu enieniwo: ng'oma pazokha, bass payokha, woimba payekha, chilichonse chotulutsidwa ngati WAV. Ndiwo ma stems. MP3 ili ngati nsima yophika kale, sungatulutsemo unga. Wopanga filimu akafuna nyimbo yopanda mawu, DJ wa ku Johannesburg akafuna kuchita remix, woimba akaitanidwa ku show yaikulu n'kufuna backing track yoyela, onse amafunsa zimene MP3 siingapeleke. Ndiye chifukwa chake timaonabe oimba athu akuimba pamwamba pa mawu awo omwe pa siteji.

Malo osungila amadya ndalama, zoona. Mphindi imodzi ya WAV imatenga pafupifupi 10MB, pamene MP3 wamba imatenga gawo limodzi mwa magawo 10 a zimenezo, ndipo nyimbo yonse na ma stems ake ingafike gigabyte imodzi. Akaunti ya Google imapatsa 15GB mahala, koma kuzikweza kumeneko kumafuna ma bundle. Nzelu yapafupi ni kuika mtengo wa fulashi mu mtengo wa session, kuti woimba azichoka na zinthu zinayi m'thumba: WAV ya nyimbo yonse, instrumental, mawu okha, na ma stems. Producer asunge zake pa hard drive imene siikhala yolumikizidwa ku laputopu nthawi zonse. Zikakhala mu nyumba ziwili zosiyana, wakuba mmodzi, mvula imodzi ya ku Kanyama kapena malaiti obwela na mphamvu sizingamalize zonse. Oimba, ili ni gawo lanunso. Mwalipila jombo zatsopano na galimoto yobweleka ya mu video, musanyinyilike pa fulashi. Ndipo musadikile chaka kuti mufunse, funsani tsiku limene mutenga mix.

M'buku lija mufunika mzele wina umene ambili sitingaukonde, wolembapo kumene tatenga zimene si zathu. Timasangalala kumva kuti a ku America alemba dzina la Paul Ngozi, koma ife timadula gitala ya kalindula ya P.K. Chishala kapena ya Amayenge, kuithamangitsako pang'ono, kuikapo 808, n'kuitcha yathu. Ena amatsitsa beat yolembedwa "free" pa YouTube osawelenga kuti ni yaulele pa kuyesela chabe, ndipo amadabwa nyimbo ikatchuka kuti ndalama zake zipita kwa mnyamata wina wa kunja amene sanamuonepo. Uyo wa kunja ali na kompyuta yomulondela. Eni ake magitala a kalindula alibe, ngakhale kuti ena a iwo akali moyo, ndipo ana a amene anapita timakwela nawo minibasi imodzi.