MABULEKI A MAKONO PA MSEU WA KU SASARE

Magalimoto ambiri amene akunyamula anthu ndi katundu pakati pa Petauke ndi Sasare masiku ano ndi aja amene anayendapo kale ku Japan, nafika m'dziko muno kudzera ku Dar es Salaam ndi Nakonde. Ambiri mwa iwo ali ndi cipangizo ca magetsi cochedwa ABS, cothandiza mabuleki. Madalaivala akale, amene anaphunzirira pa malole ndi ma Land Rover, sacikhulupirira cipangizoci. Iwo amati mseu amaumva m'manja ndi m'phazi, ndipo makina sangawaphunzitse kuimitsa galimoto. Mau awowa si opanda nzeru, koma cizolowezi cimodzi cimene cinawapulumutsa kale tsopano cikhoza kuphetsa anthu.

Pa galimoto yakale, munthu akaponda buleki mwamphamvu, matayala amaleka kuzungulira nayamba kukhwekhwereza pansi, ndipo ciwongolero sicimveranso. Ndico cifukwa cake dalaivala wanzeru ankati kuponda, kuleka, kupondanso. ABS imacita yokha nchito yomweyi, kambirimbiri pa sekondi imodzi, kuposa phazi la munthu aliyense. Makampani a Bosch ndi Mercedes-Benz a ku Germany anayamba kuiika m'magalimoto awo m'caka ca 1978. Ikayamba kugwira, copondera cimanjenjemera ndi kulira ngati kuti citsulo cathyoka. Apa ndi pamene munthu wosadziwa amacita mantha nacotsa phazi, galimoto nipitirira. Coyenera ndico kuponda zolimba osaleka, uku manja akuwongolera kuti apewe mwana, njinga kapena ngolo ya ng'ombe.

Komabe pali cinthu cimene wogula galimoto sauzidwa kawirikawiri. Pa mseu wa phula, makamaka mvula ikagwa, ABS imathandiza kwambiri. Pa mseu wa dothi ndi timiyala, monga misewu ya kumidzi ya ku Sasare, galimoto ya ABS ikhoza kutenga mtunda wautali isanaime. Tayala lokhwekhwereza limaunjika dothi patsogolo pake, ndipo dothilo limaligwira. Tayala lozungulira siliunjika kanthu. Phindu lotsala ndi lakuti ciwongolero cimamverabe. Cotero mnyamata amene wangolandira laisensi, nathamanga ponena kuti galimoto yake ndi ya makono, akudzinyenga. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanai, ndipo palibe kompyuta imene ingasinthe zimenezo. Nyengo yokolola, pamene galimoto yadzaza matumba a cimanga, nshawa ndi thonje, anthunso atakhala pamwamba, mtundawo umakulirakulira.

Magalimoto atsopano alinso ndi cipangizo cina cochedwa ESC, cimene cinayamba mu 1995, ndipo kuyambira 2014 lamulo la maiko a European Union limafuna kuti galimoto iliyonse yatsopano ikhale naco. Galimoto ikayamba kuterereka pokhota, ico cimagwira buleki ya tayala limodzi kuti iwongoke. Ndi cothandiza pa mapiri okhotakhota a Great East Road, kucokera pa ulalo wa Luangwa kudzera pa Kacholola mpaka ku Nyimba. Koma ESC siona dzenje, siona ng'ombe, sionanso lole imene yafera kuseri kwa phiri, mwini wake atangoika masamba pamseu. Ndiponso mphamvu zonse za zipangizozi zimathera pa matayala. Ngati matayala ndi osalala, palibe cimene zingagwire.

Nkhani yodetsa nkhawa kwambiri ndi ya kanyali kacikasu kolembedwa ABS, kamene kali patsogolo pa dalaivala. Kamayenera kuyaka potembenuza kiyi, ndi kuzima patangopita masekondi ocepa. Kakapitiriza kuyaka, ndiye kuti ABS yafa. Mabuleki wamba akugwirabe, koma thandizo lija palibe. Matope a m'dzinja ndi miyala ya m'mseu zimadula timawaya ta ku matayala. M'malo mokonza, alipo ena amene amangomata kanyaliko kapena kucotsa babu lake, nagulitsa galimoto ngati yabwino. Wogula ayang'anitsitse: kanyali kamene sikayaka konse potembenuza kiyi ndi kokayikitsa kuposa kamene sikazima.

Bungwe la RTSA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la pamseu la mu 2002, pamodzi ndi masukulu ophunzitsa kuyendetsa galimoto, ayenera kufotokoza zimenezi m'cinenero cimene madalaivala a kumidzi amamva, pakuti mabuku a magalimotowa amabwera olembedwa m'Cijapani. Eni magalimoto nawonso alole dalaivala aliyense kupita pamalo opanda anthu, galimoto isanasenze katundu, kuti ayende pang'onopang'ono ndi kuponda buleki zolimba kawiri kapena katatu. Phazi lake lidziwe kunjenjemera kuja pa tsiku limenelo, mwana wa sukulu asanadumphire mumseu.