Makompyuta a makampani akamamvana, mlimi wa ku Milange apindulanji?

MILANGE: Kale munthu wofuna kulipira magetsi, kutumiza ndalama kwa mwana wa sukulu ku Quelimane kapena kulipira msonkho wa katundu ankayenda maofesi atatu ndi kuima pamizere itatu. Lero zambiri mwa izi zikutheka pafoni, ngakhale munthu ali kumudzi kuseri kwa phiri la Tumbine. Chachititsa zimenezi ndi njira imene mabanki ndi makampani atsata yoti makompyuta awo azitumana ntchito, ndipo njirayi ili ndi ubwino wake komanso minga yake.

Kayendedwe kake kakufanana ndi ka chigayo. Banja lililonse silimanga chigayo chake. Mayi amasenza chimanga, nalipira, nabwerako ndi ufa, osafunsa za m'kati mwa injini. Makampaninso aleka kudzipangira chilichonse okha. Aliyense amagwira ntchito imodzi imene aidziwa, natsegula khomo loti makompyuta a anzake azigogodapo kudzera pa intaneti, m'chinenero chimene anagwirizana. Munthu akagula magetsi a Credelec pa M-Pesa, kompyuta ya M-Pesa imachotsa ndalama, niuza kompyuta ya EDM nambala ya mita, ndipo ya EDM imabweza manambala olowetsa m'mitayo. Zonsezi zimatha mphindi isanakwane, popanda kalaliki wogwira pepala.

Ndalama za pafoni zinayamba m'dziko muno mu 2011 ndi mKesh ya mcel, kampani imene tsopano ndi Tmcel. M-Pesa ya Vodacom inabwera mu 2013, kenaka e-Mola ya Movitel. Kwa zaka zingapo zitatuzi zinali ngati zigayo zokana chimanga cha m'mudzi wina: wa M-Pesa sankatha kutumiza mwachindunji kwa wa e-Mola. Wogula nandolo akakhala ndi foni ya kampani ina, mlimi ndi ya ina, panafunika kutapa ndalama kwa ajenti mmodzi ndi kukaziikanso kwa wina. Mu Julaye 2022 Banco de Moçambique inalengeza kuti zitatuzi zalumikizidwa kudzera ku SIMO, bungwe logwirizanitsa mabanki. Kwa anthu okhala kutali ndi banki, uku ndi kusintha kwenikweni, pakuti kuyenda ndi ndalama za zokolola m'thumba panjinga kuli ndi zoopsa zimene aliyense akuzidziwa.

Koma walira mvula walira matope. Mudzi wonse ukadalira chigayo chimodzi, tsiku limene chafa nyumba zonse zimagona ndi njala. Izi zinaoneka mu Novembala 2018, pamene makina a SIMO anazima kwa masiku pafupifupi asanu chifukwa cha mkangano wa malipiro ndi kampani ya ku Portugal yotchedwa BizFirst, imene inali mwini wa pulogalamu yoyendetsera makinawo. Makadi a mabanki ambiri analeka kugwira ntchito m'makina otapira ndalama ndi m'masitolo m'dziko lonse. Makasitomala a Millennium bim, imene panthawiyo inali ndi makina akeake, sanavutike ngati anzawo. Mwezi wotsatira banki yaikulu inasainirana pangano ndi kampani ya ku America ya Euronet kuti ikonze makina atsopano. Phunziro lake nlakuti ndalama za munthu zikhoza kukhalapo ndithu, iye nalephera kuzigwira chifukwa cha mlandu wa anthu amene sanawaonepo.

Kwa a Milange palinso vuto la mlongoti ndi magetsi. Mphepo ya Freddy itakantha Zambezia ndi Mulanje mu Malichi 2023, malo ambiri anakhala opanda magetsi ndi netiweki. Chakumapeto kwa Okutobala 2024, zionetsero za pambuyo pa chisankho zitabuka, intaneti ya m'mafoni inadulidwa kangapo. Malonda odalira makompyuta a eni ake amaima nthawi zoterezi.

Pachipata cha Muloza nkhani ndi yomweyo, koma yafika patheka. Mbali ya Mozambique ili ndi Janela Única Electrónica, imene inayamba mu 2011 pansi pa kampani ya MCNet, kuti wamalonda alembe za katundu wake kamodzi, ndipo alfandega, banki ndi maofesi ena aziona pamodzi. Mbali ya Malawi, bungwe la msonkho la MRA limagwiritsa ntchito ASYCUDA World. Opindula koyamba ndi eni malole amene ali ndi despachante wowalembera. Mayi woolotsa matumba awiri a nyemba panjinga phindu lake saliona msanga. Ndiponso kulumikizana kwa 2022 kukukhudza ndalama za meticais zokha, pamene malonda ambiri a m'malire muno amachitika m'makwacha. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene anasunga ndalama za Malawi anaona mphamvu ya ndalama zawo itachepa tsiku limodzi, ndipo palibe kompyuta imene inawateteza.

Choncho mwini sitolo, bungwe la alimi kapena wogula mbewu amene akufuna kulumikiza malonda ake ku makinawa ayenera kufunsa mafunso atatu asanavomere. Loyamba, pa malipiro aliwonse adulidwa zingati, ndipo wodulidwa ndani, wogula kapena mlimi? Lachiwiri, ndalama ikachoka pafoni ina koma osafika pa inzake, dandaulo lipita kwa yani, popeza makampani okhudzidwa ndi awiri kapena atatu? Lachitatu, makina akazima sabata yathunthu m'nyengo yogula, alimi alipidwa bwanji?

Mlimi naye asapereke thumba lake uthenga wotsimikiza ndalama usanalowe pafoni yake, asauze munthu nambala yake yachinsinsi, ndipo asafufute uthengawo, pakuti ndiwo umboni wake. Kope lolembamo malonda ndi ndalama pang'ono za m'manja zikadali zofunika m'nyumba iliyonse ya m'malire.