Kuyabwa kukabweranso, tisathamangire sopo

Kuno ku Masala, mtsikana akayamba kumva kuyabwa kumaliseche, kapena chikazi chikayamba kununkha, ambiri timangomuweruza kuti ndi wauve kapena wachiwerewere. Chifukwa cha manyazi amagula Flagyl mobisa, n'kumatsuka mkati ndi sopo m'mawa ndi madzulo. Mwezi usanathe, vuto labwereranso.

Nthawi zambiri kutsuka mkati komweko ndiko kumaitana matendawa. M'njira ya amayi mumakhala tizilombo tabwino totchedwa Lactobacillus, timene timasunga malowo owawasa pang'ono kuti toipa tisaswane. Sopo, Dettol, mandimu ndi zitsamba zoikamo kuti muume zimathamangitsa alonda amenewa. Alangizi ndi banachimbusa amatiphunzitsa zabwino zambiri, koma mwambo woumitsa uyenera kutha. Pouma pamang'ambika timabala, ndipo HIV imalowa mosavuta.

Komanso matendawa si amodzi. Candida imayabwa kwambiri, chikazi chake n'choyera, chokhuthala ngati mabisi. Imakonda kubwera munthu akamwa maantibayotiki monga amoxicillin, akakhala ndi pakati, shuga ikakwera, kapena chitetezo cha m'thupi chikatsika. Flagyl saipha, imafuna mankhwala ngati clotrimazole. Bacterial vaginosis imanunkha ngati nsomba, ndipo iyi imamva Flagyl. Trichomonas imafala pogonana, ndipo mwamuna akapanda kumwa nawo mankhwala amaibwezanso kwa mkazi, ngakhale iye asamve kalikonse. Nanga wogulitsa pa kantemba angasiyanitse bwanji zitatuzi osapima?

Zambiri zopewera zili m'manja mwathu. Kusamba kunja kokha ndi madzi oyera n'kokwanira, mkati mumadziyeretsa mokha. Pochoka kuchimbudzi, kupukuta kuyambire kutsogolo kupita kumbuyo. Kabudula wamkati akhale wa kotoni, ndipo ayanikidwe padzuwa, osati kubisidwa kuseri kwa chitseko ali wonyowa. Kondomu nayo imathandiza.

Vuto likabwera katatu kapena kanayi pachaka, tipite ku kiliniki, tikapimitse shuga ndi HIV. Ngati pali magazi kapena kupweteka m'chinena, tisadikire. Dziko la Zambia linayamba pulogalamu yopima khansa ya khomo la chiberekero mu 2006, ndipo Ndola Teaching Hospital sili kutali.

Anyamata, nkhaniyi ndi yathunso. Mnzathu akatiuza kuti anesi akufuna tonse awiri, tivale nsapato tipite naye, m'malo momufunsa kumene wazitenga.