Wilo siitana imfa

Pamaliro ambiri m'matauni athu pamakhala misonkhano iwiri. Woyamba ndi wa pabwalo, pomwe aliyense amayamikira malemu. Wachiwiri umachitika anthu akabwerako kumanda, m'chipinda chochezera, chitseko chitatsekedwa. Kumeneko malume amafunsa komwe kuli makiyi a galimoto, mchimwene wa malemu amafuna kuona mapepala a nyumba, ndipo mayi wamasiye, maso ali otupa, amangoyang'ana pansi. Akayesa kuyankhula, wina amamudula: "Inu alamu, izi ndi za kubanja kwathu." Ana amakhala ali panja, akutsuka mbale za anamalira, osadziwa kuti sukulu yawo ikugamulidwa mkatimo.

Zoterezi ndi mlandu. Lamulo la chuma chamasiye la 2011, lomwe lidalowa m'malo mwa lamulo lakale la 1967, limati wolanda chuma chamasiye atha kukakhala kundende zaka 10. Munthu akamwalira osasiya wilo, lamulolo limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wake, ana ake onse, obadwira m'banja ndi a kunja omwe, komanso ena amene ankadalira iye. Koma lamulo silikhala nawo m'chipinda muja. Mayi amene waika mwamuna wake dzulo sapeza mphamvu zopita kupolisi kukasumira apongozi ake, ndipo pofika tsiku lomusudzula, firiji ndi malata zidapita kale.

N'chifukwa chake ndimadandaula ndikamva munthu wamkulu, wophunzira bwino, akunena kuti kulemba wilo ndi kudziitanira imfa. Yemweyo amalipira inshulansi ya galimoto chaka ndi chaka, ndipo sanena kuti akuitana ngozi. Ena amati, "Ndidamuuza kale mng'ono wanga zonse." Mawu apakamwa amasintha mwini wake akapita. Mng'onoyo adzakumbukira zomukomera, mlongo adzakumbukira zina, ndipo woti awaweruze adzakhala ali m'manda.

Kulemba wilo si nkhani ya anthu a ku Area 10 kapena ku Namiwawa okha. Aliyense wokwanitsa zaka 18, amene mutu wake ukuyenda bwino, atha kulemba. Chofunika n'chakuti ilembedwe papepala, mwini wake asayine mboni ziwiri zikuona, mbonizo zisayinenso iye akuona. Posankha mboni, tengani anthu amene sadzalandira kanthu pachumacho, kuti pasadzapezeke wonena kuti adakunyengererani. Tchulani zinthu momveka: nyumba ya pa puloti yakuti, ng'ombe zili kwa uje, akaunti ya kubanki yakuti. Tchulaninso munthu wodzayendetsa zonsezi, ndi wodzalera ana ngati akadali aang'ono. Mukatero musaibise pansi pa matiresi, pomwe woyamba kuipeza angakhale yemwe siikumukomera. Kaisungitseni kubwalo lalikulu la milandu, kwa DC, kubanki kapena kwa loya, ndipo wina wokhulupirika adziwe komwe ili.

Pali pepala lina lomwe ambiri timaliiwala, fomu ya penshoni. Mnyamata akamayamba ntchito amalembapo mayi ake ndi mlongo wake, poti ndiwo ali nawo. Amakwatira, ana amabadwa, zaka 20 zimadutsa, fomu ija ili chikhalire m'kabati ya kuntchito. Iye akamwalira, mkangano umayambira pomwepo, ndalama n'kuchedwa ana akusowa fizi. Kupita ku ofesi kukasintha mayina sikudya ngakhale ola limodzi.

Koma chomwe chimandiopsa kuposa imfa ndi matenda amene amasiya munthu ali moyo koma osatha kudzilankhulira. Sitiroko ikagwetsa bambo lero, dzanja n'kufa, lilime n'kulemera, ndalama zake zimakhala zili kubanki, koma banki siipereka kwa mkazi wake chifukwa chongoti ndi mkazi wake. Imafuna siginecha kapena chilolezo cholembedwa. Za mufoni, pa Airtel Money kapena Mpamba, zimatsekeredwa ndi nambala yachinsinsi yomwe ili m'mutu mwa wodwalayo. Banja limayamba kukongola kwa akatapila kuti ligule mankhwala, chikhalirecho ndalama zilipo. Wilo pamenepa siithandiza, chifukwa imagwira ntchito munthu akamwalira basi. Chofunika ndi kukambirana ndi banki komanso loya mukadali bwino, kuti pakhale munthu wololedwa mwalamulo kusayina m'malo mwanu, ndipo mufunse bwinobwino malire a chilolezocho. Dziwaninso kuti chilolezo chotere chimatha tsiku limene mwamwalira. Sichilowa m'malo mwa wilo.

Ndikudziwa kuti ena ati zimenezi zikulimbana ndi chikhalidwe. Kwa ife a chikamwini, malume ndiye mwinimbumba, ndipo kumpoto chuma chimatsata kuchimuna. Sindikunyoza zimenezo. Mwinimbumba weniweni ankalandira udindo wosamalira ana, osati katundu yekha. Lero ambiri amanyamula katundu, ana n'kuwasiya. Ngati mukufuna kuti mayi anu akumudzi kapena mphwanu amene mumamulipirira sukulu adzalandire kanthu, wilo ndiyo njira yowatetezera iwonso. Alembenimo ndi dzanja lanu, asadzachite kulimbirana ndi ana anu.

Amayi, nkhaniyi ndi yanunso. Ambiri muli ndi mapuloti, mabizinesi ndi masheya kubanki m'khonde, ndipo amuna amasiye nawo amalandidwa.

Amene alibe ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau kapena ku ofesi ya DC akafunse. Inu amene mukuwerenga, khalani pansi ndi akunyumba kwanu sabata ino, mulembe zomwe muli nazo ndi ngongole zomwe, kenako mupeze mboni ziwiri.